Chitosi pa Dzira Lililonse

Dzina loti Sambani makolo awo sankalidziwa, ndipo abusa sanalitchule powabatiza. Linatuluka pakamwa pawo pomwe. Munthu ukaima pa tebulo lawo la mazira n'kutambasula dzanja kuti usankhe, usanakhudze n'komwe unkamva, "Sambani kaye m'manja, akasitomala." Pambali panali chigubu champopi, kasopo pambale, ndi kansalu kopukutira kopachikidwa pamsomali. Kaya ndiwe mphunzitsi, kaya wapolisi, kaya wavala tayi yofika pamchombo, unkawerama n'kusamba ngati mwana wasukulu. Ena ankatukwana chamumtima, koma mawa lake ankabweranso, chifukwa dzira la a Sambani unkatha kulinyambita.

Anakulira kuseri kwa butchala. Bambo awo ankagulitsa matumbo ndi mapazi a ng'ombe, ndipo pakhomo pawo ntchentche zinkadzuka anthu asanadzuke. Kusukulu anzawo ankasuntha pabenchi atagwira mphuno. Tsiku lina mwana wina wamwano anawafunsa ngati kwawo amagona m'mimba mwa ng'ombe, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali, aphunzitsi omwe kubisa nkhope m'buku. Kuyambira pamenepo mtsikanayo anayamba kudzikhula. Anakhula khosi, anakhula zidendene ndi mwala, anakhula mpaka sukulu kuisiyira panjira, koma kukhulako sanakusiye.

Ndiye Mulungu, poti nayenso amaseka, anawapatsa mwamuna makaniko. Bambo wa girisi mpaka m'makutu. Zaka zonse za ukwati wawo munthuyo sanalowepo m'nyumba mwake atavala ovolosi. Ankavulira pakhonde lakuseri, kusamba pabeseni, kenako kuonetsa zikhadabo pawindo ngati wopempha chilolezo cholowera m'dziko la eni.

"Akazanga," ankatero, "ine ndikadzafa musadzavutike kundisambitsa. Mwandisambitsiratu."

Mazira ankabwera pa kagalimoto kochokera ku famu ina ya nkhuku zachizungu, zija zimakhala m'mawaya moyo wonse osaonako dzuwa. A Sambani ankatenga dzira lililonse, kulipukuta ndi nsalu yonyowa, kuliumitsa ndi youma, kuliunika padzuwa, kenako kuliika m'thireyi mutu wosongoka pansi. Mizere yake ngati asilikali. Tebulo lawo linali pakona ya msewu wopita ku nyumba za mipanda, zija za mageti achitsulo ndi agalu onenepa kuposa alonda. Ndi mazira amenewo anaphunzitsa ana, anafolera nyumba, ndipo mumsewu monsemo munthu akafuna kuyamikira mbale yotsukidwa bwino ankati, "Iyi ndiye a Sambani angadyerepo." Chuma chawo chinali chimenecho. Ena amaweta ng'ombe, iwo ankaweta dzina.

Pafupi nawo pankakhala mayi wa matimati, amene ankawaza malonda ake ndi madzi a m'ndowa yomwe ankasambiramo mapazi, ati kuti aziwala. Ameneyo mawu oti "sambani" anawamva kambirimbiri, nthawi zina makasitomala ali pomwepo. Ankangoseka. Koma kuseka kwa mano sikufika mumtima.

Chaka china tsidya la msewu anagwetsa nyumba zakale n'kumangapo sitolo yaikulu, ya magalasi okhaokha, yozizira m'kati ngati kumotchale. Mazira m'menemo anali m'timabokosi totseka, oyera mbee, otchipa kuposa awo, ndipo panalibe munthu wokuuza kuti usambe. Makasitomala anayamba kudutsa pakona paja maso ali kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Mathireyi ankabwerera kunyumba osatha. Mazira ankakhalitsa. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, limodzi linaphulika lokha, phuu, pa tebulo pomwepo, fungo lake mpaka galu amene anagona m'ngalande anadzuka n'kusamuka.

"Aneba," anatero wa matimati atatseka mphuno ndi mpango, "kodi sopo uja watha?"

Apa m'pamene analowererapo mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo. Ntchito yake inali yolemba zikwangwani, ndiye anthu ankangomutcha Penti. Munthu woonda ngati msomali koma wa lilime lonenepa. Ndi yemwe uja analembera wometa wina chikwangwani choti "Chipatala cha Mitu", wometayo n'kukweza mtengo tsiku lomwelo, lumo lake lomwe lija la dzimbiri.

Penti anaima patsogolo pa tebulo, manja kumbuyo, n'kupukusa mutu ngati wafika pamaliro.

"Alamu, mazira anuwa akudwala."

"Akudwala chiyani? Tagwirani muone. Ayi, sambani kaye."

"Akudwala ukhondo. Tayang'anani bwino. Anuwa oyera, a tsidyawo oyera. Anuwa ofanana, a tsidyawo ofanana. Munthu akaona zinthu ziwiri zofanana amafunsa mtengo basi, ndiye pa mtengopo inu munagwa kalekale. Koma akaona chinthu chachilendo safunsa mtengo, amafunsa kumene chachokera."

"Ndiye mukufuna ndiwapente?"

"Mwayandikira, alamu. Mwayandikira kwambiri."

Mawa lake anabwera ndi mkazi wake, dengu lakale long'ambika m'mbali, udzu wouma, ndi chitini cha majarini. Mng'ono wawoyo ankaweta tinkhuku tingapo kuseri kwa nyumba, toonda, toti ngakhale kabawi ankatidutsa. Penti atavundukula chitini, chodzaza ndi zitosi za tinkhukuto, a Sambani anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chigubu.

"Alamu! Ichi n'chiyani pa tebulo langa?"

"Iyi ndi digiri ya dzira, alamu."

Mng'ono wawo, mwana wobadwa naye bere limodzi, anaviika chala m'chitinimo ngati akulawa uchi. Anatenga dzira loyera, lopukutidwa kawiri, n'kulipaka, psiti, chobiriwira chosakanikirana ndi choyera, kenako n'kumatapo kanthenga. A Sambani anayang'ana kumbali. Malovu anadzaza m'kamwa, koma kulavula pamsewu sikunali kwawo, ndiye anangomeza.

Penti anayala udzu m'dengu, kuikamo mazira opakawo, n'kulikhazika pampando kutsogolo, pamwamba kuposa mathireyi.

"Oyerawa musawachotse," anatero. "Ntchito yawo tsopano ndi kuimirira pambali ngati amphawi, kuti enawa aoneke mabwana. Mtengo wa m'dengu muwirikize kawiri. Komanso dengu musalidzaze. Dengu lodzaza limati, ndilipo mpaka madzulo. Dengu la mazira ochepa limati, thamanga."

Kenako munthu wodziwa kulemba zilembo zoongoka ngati njanji anatola chikatoni chong'ambika ndi khala, n'kulemba ndi dzanja lamanzere, zopindikapindika: A M'KHOLA.

"Ili ndi bodza," anatero a Sambani.

"Bodza lili pati? Munaonapo dzira lothyoledwa mumtengo? Onse ndi a m'khola. Inu musanene kanthu. Akafunsa muzingoti, onani nokha. Chitosicho chili ndi pakamwa pakepake."

Sipanapite nthawi, galimoto yofiira inaima. Anatsikamo adona ena a magalasi, okhala ku nyumba za mipanda zija, amene kale anali kasitomala wawo koma anathawira kusitolo osatsanzika. Anadutsa mathireyi ngati sakuwaona, n'kuwerama pa dengu. Anatola dzira osasamba, ndipo a Sambani anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Asambirenji munthu woti akukagwira zimenezo? Adonawo analiyandikitsa kumphuno, kutsinzina, n'kukoka mpweya wonse ngati ali m'munda wa maluwa.

"Eee! Fungo la kwathu lenileni! Amayi, bwanji simunanene kuti mumapeza enieni? Ndi a nkhuku zoyenda zokha, eti?"

"Onani nokha," anatero a Sambani. Mawuwo anatuluka ngati munthu wameza ntchentche.

Adona anakokolola dengu lonse. Patapita masiku anabweranso ndi anzawo awiri, akulalikira. Ati chikasu chake n'chosiyana. Ati ana tsopano akukana a m'sitolo, akuti akumveka mankhwala. Ati abambo akunyumba akudzuka ndi mphamvu ngati mnyamata, apa anatsinzinira anzawo diso, onse n'kuseka. Nkhuku zomwe zija za m'mawaya. Kagalimoto komwe kaja.

A Sambani ankangowayang'ana. Anthu ophunzira, onunkhira mafuta odula, oti kwawo amaphitsa madzi akumwa, kulipira kawiri kuti anyamule ndowe za mbalame kukaika m'firiji pafupi ndi mkaka wa ana. Bambo wina wa suti ankachita kusankha lodetsedwa kwambiri, n'kulikweza m'mwamba kuonetsa mkazi wake m'galimoto ngati wapha nyama. Zaka zonse zija iwo akupukuta, palibe anakwezapo dzira lawo m'mwamba. Ankanyansidwa ndi chitini, ankanyansidwa ndi ogula, koma mathireyi anasiya kubwerera kunyumba, ndipo ngakhale oyera aja anayamba kuyenda, pogulidwa ndi amene ankati, "A m'denguwo ndi a mabwana, ife tipatseni awa."

Vuto linali mng'ono wawo uja. Ankapaka ngati akuzira khoma. Dzira lina mbali yonse, lina mpaka kudontha, udzu kunyowa, nsalu ya patebulo kuthimbirira. Ntchentche zinamva mbiri. Zinabwera zobiriwira zija, zonenepa, zolira ngati njinga yamoto, mtundu womwewo umene a Sambani anausiya kuseri kwa butchala. Imodzi itawatera pamlomo, anati basi.

"Bwera nacho chitinicho, uzingondisiyira pageti," anauza mng'ono wawo. "Ndizipaka ndekha. Ngati n'zonyansa, zikhale zonyansa zadongosolo."

Bongololo sadzolera mafuta pagulu. M'mawa uliwonse ankakhoma geti n'kukhala kuseri kwa nyumba, mpango pamphuno, majumbo apulasitiki m'manja atamangidwa ndi mphira. Dzira lililonse ankayamba alipukuta, monga mwa nthawi zonse. Kenako ankatenga kaburashi kakang'ono kobwereka kwa Penti, kuviika nsonga yokha, n'kudontheza kadontho kamodzi kumutu kwakukulu, pakati penipeni, pamene chala cha munthu sichigwira. Kukula kwake ngati njere ya nyemba, osapitirira. Nthenga za m'khola la mng'ono wawo anazikana, zinali ndi nsabwe. Anatumbula pilo wakale, kuchapa nthenga zake ndi sopo, kuziyanika, kuzidula ndi sizasi kuti zilingane, n'kumamata imodzi pa kadontho kalikonse, yopendekera kumanja. Akamaliza ankapita kuseri kwa bafa kukageya zouma, kenako kusamba thupi lonse.

Amuna awo anawapeza tsiku lina akupita kugalaja. Anaima, kuyang'ana, kuvula chipewa, kukanda mutu.

"Akazanga, ndiye kuti mwalipukuta dziralo kuti mulidetse?"

"Nanga ndingapake pa dzira lakuda?"

"Ine munandiletsa kulowa m'nyumba mwanga chifukwa cha girisi. Komatu girisi wanga satuluka kumbuyo kwa chinthu chilichonse."

"Bambo inu, mukangoyerekeza kukanena kugalaja, muzigona m'galimoto za eni ake."

Makaniko anapita akuseka yekha mumsewu ngati wozungulira mutu, koma sananene. Amene anaulula ndi manja a a Sambani omwe.

Linali Loweruka m'mawa, msewu utadzaza ogula. Galimoto yofiira inaima mwadzidzidzi, mabuleki kulira. Adona a magalasi anatsika atanyamula kathireyi ka pachitseko cha firiji, kaja ka mabowo, katadzaza mazira a m'dengu. Anakaika pa tebulo mosamala, n'kukatembenuza kuti anthu aone. M'dengu, pa udzu, mazira ankagona lina chammbali, lina chagada, ndiye palibe ankazindikira. Koma apa anali chilili pamzere, mitu yaikulu m'mwamba. Kadontho, kadontho, kadontho, tonse tofanana ngati mabatani a malaya, ndi tinthenga toyera tonse titapendekera kumanja ngati ana a kwaya.

"Amayi, nkhuku zanu zinaphunzira kuti?"

"Pepani, adona?"

"Ndikufunsa sukulu yake, ndikalembetseko ana anga. Chifukwa nkhuku yoti imaikira dzira, n'kutembenuka, n'kutenga rula, n'kuyeza pakati penipeni, n'kudonthezapo, kenako n'kuzula nthenga yake, n'kuidula ndi sizasi," apa anazula kanthenga kamodzi n'kuonetsa anthu podulidwa pake, "nkhuku imeneyo ndi ya ku yunivesite."

Anthu anaunjikana. Wokonza nsapato anasiya nsapato, mlonda anasiya geti la bwana wake. Wina analanda kanthengako n'kukanunkhiza.

"Kakununkhira sopo!"

Chikhakhali chinaphulika mpaka alonda a kusitolo anasuzumira. A Sambani anafuna kunena kuti onani nokha, koma anthu anali ataona kale okha. Anaima njo, manja pa epuloni yoyera, makutu akuyaka.

Wa matimati anadzuka pang'onopang'ono, kukonza mpango, ngati munthu amene waitanidwa kudzalandira mphatso imene wakhala akuidikira.

"Aneba! Ndiye zaka zonsezi, sambani, sambani, kodi mumatisambitsa kuti tidzagwire zimenezi? Ine ndowa yanga ndi ya mapazi, inde, koma sindinakhalepo pansi ndi burashi kumajambula ndi za kumbuyo kwa nkhuku. Ayi ndithu, tiwombereni m'manja. Mayi Zitosi!"

Adona anakhuthulira kathireyi kawo pa nsalu ya patebulo, mazira phwa phwa phwa, n'kukakwera galimoto. Koma dzina lija linatsala. Linadumpha kuchoka pakamwa pa wa matimati kupita pa wokonza nsapato, kuchoka apo kupita kwa mlonda, ndipo dzuwa lisanapendeke linali litafika kugalaja.

A Sambani anabindikira m'nyumba sabata yathunthu. Dengu analiotcha. Tebulo analikwecha ndi mchenga mpaka matabwa kuonda. Chitini anakachiponya okha pakhomo pa mng'ono wawo, ndipo Penti atatuluka akutafuna, anamuloza chala pamphuno.

"Inu alamu, phazi lanu lisadzapondenso kwathu. Mwandivula pagulu."

"Ine? Alamu, ine ndinati mupake. Sindinati mujambule."

Anabwerera pakona paja ndi mazira oyera okhaokha, mizere ya asilikali, nsalu yatsopano. Anaganiza kuti akakhala chete anthu aiwala. Koma madzi akatayika saoleka. Makondakitala a minibasi, anthu oti mwano ndi chakudya chawo, anali atapeza dzina la siteji imene kale inalibe dzina. Minibasi iliyonse ikamayandikira, kondakitala ankamenya chitseko n'kukuwa, "Otsika pa Zitosi! Pa Zitosi alipo?" Ndipo anthu aulemu wawo, azimayi a zikwama, azibambo a mabuku, ankayankha m'katimo, "Tilipo!" A Sambani ankamva zimenezo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Liwu lililonse linkawatera pakhungu ngati chala cha mng'ono wawo chija.

Tsono dzina likakwera minibasi limatsika lopanda katundu. Kumene linkafika, kutali uko, nkhani ya burashi ndi sizasi inali itagwera panjira. Anthu ankangomva kuti kuli siteji ina, kuli mayi wina, mazira ake ndi achilengedwe moti amabwera ndi zitosi zomwe. Magalimoto achilendo anayamba kuima. Galasi linkatsika, nkhope yonona n'kusuzumira.

"Pepani amayi, Mayi Zitosi ndi ati pano?"

"Kuno kulibe munthu wotero."

"Aa, komatu anatiuza pakona pano."

"Ndati kulibe. Mazira ndi awa ngati mukufuna."

Ankayang'ana mizere yoyera ija, kukwinya mphuno. "Awa ndi a makina awa." Galasi n'kukwera, galimoto n'kupita.

Penti, amene analetsedwa kunyumba koma osati pamsewu, ankakhala pamlatho wa ngalande n'kumaonerera magalimotowo akuchoka. Nkhope yake inali ya galu woona nyama ikubwezedwa m'firiji.

Lolemba lina a Sambani atafika ndi mathireyi awo, anapeza tebulo lina litaima chapafupi, kungodutsa kanjira kolowera ku nyumba za mipanda. Kumbuyo kwake kunali mng'ono wawo, atamanga duku lakuda ndi litsiro, wopanda nsapato, munthu woti kunyumba ali ndi nsapato zodzaza katoni. Ku mwendo wa tebulo anamangirira nkhuku yamoyo, yokalamba, yothothoka pakhosi, yoti dzira lomaliza inaikira kalekale, kuti izingoonekera. Mazira anali m'dengu, opakidwa ndi chikhatho chonse, ntchentche zikuchita msonkhano pamwamba pake. Ndipo pamwamba pa zonsezo panali chikwangwani chachikulu, ulendo uno cha penti weniweni, chofiira, chooneka uli m'minibasi: MAYI ZITOSI ENIENI NDI ANO.

Dzuwa lisanakwere, panali mzere. Magalimoto mbali zonse. Bambo wa suti uja analipo. Ndipo pakati pa mzerewo, Mulungu ndi mboni, panali adona a magalasi, atanyamula dzira lonyowa ndi zala ziwiri, akuphunzitsa mnzawo.

"Awa ndiye achilengedwe. Taona mmene adetsedwera mosasamala? Ine sanganditchere kawiri."

Makaniko anadutsa ndi bokosi lake la masipanala, kuwerenga chikwangwani, n'kubwera kudzaima pafupi ndi akazi ake, chapatali pang'ono monga anazolowera.

"Akazanga, mwapepukidwa. Dzina lapeza mwini wake. Lero mugona tulo."

Zinayenera kutero. A Sambani anayesa kupuma mozama kuti amve kupepukako, koma chimene chinabwera chinali china. Chinayambira m'mimba, chotentha, n'kumakwera. Anaima ndani pakona pano anthu akuwomba m'manja? Ankageya ndani kuseri kwa bafa m'mawa uliwonse? Anaswedwera mazira pa nsalu ndani? Dzina limenelo iwo analigula ndi nkhope yawo. Linali lonyansa, inde, lonunkha, koma linawadula kuposa chilichonse chimene anagulapo. Ndiye kamtsikana koti mpaka lero sikadziwa kutsuka poto kangolitola ngati bango logwa lokha, n'kumadya, iwo atatsala ndi manyazi okhaokha?

Anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, kuiika pampando, n'kudutsa kanjira kaja.

"Iwe, chotsa chikwangwanicho."

"Mwadzuka bwanji, asisi?"

"Ndati chotsa."

"Asisi, mesa dzinali munalikana? Tinkakumvani ndi makutu athu mukuuza anthu kuti kulibe munthu wotero."

"Alamu," analowerera Penti akupukuta manja pa buluku, "chotayidwa n'cha wotola. Inu munalitaya m'ngalande, ife talitola, talipukuta..."

"Mwalipukuta? Inu munapukutapo chiyani chibadwire? Anatukwanidwa ndani pano? Mkazi wanuyu analipo? Anali kunyumba akutola nsabwe za nkhuku!"

"Asisi, makasitomala akumva."

"Amve!"

Mzere unali utasiya kuyenda. Bambo wina wamimba yaikulu, amene anachokera kutali ndipo anali atatopa ndi dzuwa, anavula chipewa n'kudzipepesera nacho.

"Tsono amayi inu, tithandizeni. Ife mafuta tawotcha. Enieni ndi ati?"

"Ndine, abwana," anatero mng'ono uja, akuloza m'mwamba. "Werengani nokha."

Apo ndiye chotentha chija chinafika pakhosi. Mayi amene sanakwezepo mawu pamsewu, amene ankatsokomolera m'kansalu, anaponda pa chikatoni cha mng'ono wawo kuti atalike, n'kudziguguda pachifuwa.

"Wabodza uyu! Wakuba! Funsani msewu wonse! Funsani makondakitala! Zitosi pamsewu uno ndinayambitsa ndine! Mayi Zitosi ndine! Ine! Palibenso wina!"

Minibasi imene inkatsitsa anthu inazimitsa wailesi. Nkhuku yomangidwa ija inapendeketsa mutu n'kuwayang'ana ndi diso limodzi. A Sambani anamva mawu awo akubwerera kuchokera ku magalasi a sitolo, ndipo anazindikira kuti atuluka pakamwa pawo.

"Ine mboni," anatero wa matimati, misozi ya chisangalalo ikutsika. "Awo ndi eni ake. Anene okha kachiwiri, ena sanamve."

"Zoona, enieni ndi awo," anavomereza adona a magalasi, monyadira ngati munthu amene anaona ngozi ikuchitika. "Tsiku lake ine ndinalipo."

Bambo wamimba anabweza dzira limene anatola m'dengu. Anavala chipewa, kudutsa kanjira, n'kukaima pa tebulo la a Sambani. Wina anamutsatira, kenako wina, mpaka mzere wonse unakhota ngati njoka n'kukathera patsogolo pa mathireyi oyera. Makaniko anatola bokosi lake n'kuchoka mwakachetechete, mapewa akugwedera.

A Sambani anabwerera kumalo awo. Bambo wamimba uja anayang'ana mizere ya mazira opukutidwa, kusuzumira uku ndi uku.

"Mayi Zitosi?"

"Ee, bambo."

"Nanga enieniwo ali kuti?"

Asanayankhe, anamva chinthu chozizira chikukhudza phazi lawo. Penti anali atazungulira kumbuyo, atanjuta ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kukankhira chitini kunsi kwa tebulo, kuseri kwa nsalu. Ntchentche ziwiri zinali zitabwera nacho.

"Zogawana tikambirana, alamu," ananong'ona. "Koma ulendo uno, chonde, ndi dzanja."

A Sambani anayang'ana mzere, mpaka kumene unathera pafupi ndi ngalande. Anthu oyera makolala, akudikira modekha. Anatenga thireyi imodzi, n'kupinda mkono wa bulauzi.

"Dikirani pang'ono, bambo," anatero. "Ali pansi apa."

Anagwada, n'kulowetsa mutu kunsi kwa nsalu.